Kugona kwa mnzanu pa fiesta ya ku Philippines kumaposa loji, koma si kwaulere

Anthu a kuno ku Mzuzu amene amafika ku Philippines, kaya ndi ansembe ndi masisitere opita ku maphunziro, kaya ophunzira a mpingo wa Seventh-day Adventist opita ku Silang m'chigawo cha Cavite, kaya a misonkhano, sachedwa kumva mawu akuti "mubwere kwathu pa fiesta". Woitanayo amakhala akunenetsa. Chimatsala n'kusankha: mukagone pakhomo pawo, kapena mupeze chipinda pa loji ya m'tauni yapafupi n'kumapitako masana okha? Ine ndikuti kagoneni pakhomo. Loji idzakupatsani tulo ndi bafa lanulanu, koma theka la fiesta limachitikira kuseri kwa nyumba usiku ndi m'mbandakucha, pamene wa pa loji ali m'bulangete. Chofunika ndi kudziwiratu zimene mukukalandira, chifukwa tulo ndi mimba zidzaona zachilendo, ndipo banja lokulandiranilo limakhala litasenza katundu wolemera kuposa mmene nkhope zawo zikuonetsera.

Fiesta ndi tsiku la woyera amene ali nkhoswe ya mudziwo. Dzikolo linali m'manja mwa Spain kuyambira 1565 mpaka 1898, ndipo ansembe a nthawiyo anapatsa tauni iliyonse nkhoswe yake. Lero pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse ndi Akatolika, ndipo ngakhale barangay, womwe ndi mudzi wokhala ndi mtsogoleri wochita kuvoteredwa, umakhala ndi katchalitchi ndi tsiku lake. Ma barangay alipo pafupifupi 42,000. Tayerekezani Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa, Chiputula ndi Luwinga, dera lililonse lili ndi tsiku lake pa chaka limene makomo amaphika ngati pali ukwati, zitseko n'kusiyidwa zotsekula kuti wachibale, mnzake wa wachibale, ngakhale munthu wongodutsa alowe adye. Palibe khadi, palibe perekaniperekani. Ndalama zonse zimachoka m'thumba la mwini khomo.

Tsiku lofika ndi limene ambiri amalakwitsa. Mapemphero a novena amayamba kutatsala masiku 9, ndipo tsiku loti mawa ndi fiesta amalitcha bisperas. Fikani m'mawa wa bisperas, kapena dzulo lake. Mukafika pa tsiku lenilenilo mudzapeza ma jeepney, omwe ndi ma minibasi a kumeneko, ndi njinga zamoto za matayala atatu zadzaza kothina, misewu yolowera pakati pa tauni yatsekedwa chifukwa cha mdipiti, ndipo mnzanu amene akanakuchingamirani ali kalikiliki ndi mapoto. Mwezi wa May ndiwo wochuluka ma fiesta. Pa chilumba cha Bohol pafupifupi tsiku lililonse la mweziwo pamakhala mudzi wina umene ukusangalala. Yotchuka kwambiri ndi Pahiyas ya ku Lucban, m'chigawo cha Quezon, pa 15 May, tsiku la San Isidro Labrador, nkhoswe ya alimi. Nyumba zimakutidwa ndi zokolola komanso kiping, timapepala ta ufa wa mpunga topangidwa ngati masamba, topakidwa mitundu yowala. N'zokongola zedi, koma anthu amachuluka moti kuyenda kumavuta. Ngati mungasankhe, fiesta ya barangay yaing'ono imapatsa mlendo zambiri kuposa yotchukayo.

Pa zogona musayembekezere zambiri, komanso musadabwe akakupatsani zonse zimene ali nazo. Kawirikawiri mlendo wochokera kutali amapatsidwa chipinda cha eni nyumba, fani n'kuilozetsa kwa iye, eni akewo n'kukagona pa banig, womwe ndi mkeka wawo, pabalaza pamodzi ndi abale obwera kuchokera ku Manila ndi kwina. Kukana chipindacho kamodzi ndi ulemu. Kukakamira kukana kumawachititsa manyazi. Landirani, koma katundu wanu mumuike pakona imodzi chifukwa m'chipinda momwemo ndi mmene muli zovala za banja lonse, ndipo anthu adzalowa ndi kutuluka. Ndalama ndi pasipoti zikhale pathupi kapena muzipereke kwa mayi a pakhomopo akusungireni. Sikuti banjalo n'lokayikitsa ayi, koma tsikulo m'nyumba mumadutsa anthu amene ngakhale eni ake sakuwadziwa.

Kutentha ndiye mdani wamkulu wa munthu wa kuno. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu May ife timakhala tayamba kufunafuna majuzi. Kumeneko March mpaka May ndi nyengo yotentha kwambiri, m'zigwa kumafika madigiri 34 kapena 35, ndipo ndi chitungu chonyowa chimene thukuta siliuma. Amene anagonapo ku Karonga mu November ali ndi poyambira, koma awonjezerepo chinyontho. Tengani malaya opepuka a thonje okwanira kusintha kawiri pa tsiku, ndi zovala zina zaulemu za ku Misa.

Tulo ndiye mungoiwalako. Usiku wa bisperas kumakhala gule pa bwalo la basketball, zimkuzamawu zili pakamwa, ndipo makomo ambiri amabwereka makina oimbira otchedwa videoke amene amalira mpaka pakati pa usiku, ena mpaka kucha. Akangoleka, atambala amayamba, ndipo ndi ambiri chifukwa amuna amaweta atambala omenyanitsa, aliyense womangidwa mwendo pakhola lake. Kusanayere bwino, gulu la malipenga limazungulira mudzi kudzutsa anthu, mabelu ndi makombola n'kutsatira. Pa mbali iyi loji yapambana, palibe kutsutsa. Totsekera m'makutu timathandiza, komanso kugona pang'ono masana dzuwa likafika pamutu, monga amachitira eni mudzi.

Bafa ndi chimbudzi zimakhala chipinda chimodzi, amachitcha CR. Mudzapezamo ndowa ndi kachikho ka chogwirira kotchedwa tabo. Ndiko kosambira, ndiko kodzitawasira mukachoka pa chimbudzi, ndipo ndiko kothirira madzi m'chimbudzimo. Mapepala a kuchimbudzi sapezeka m'makomo ambiri. Mukatenga anu musawaponye m'chimbudzi chifukwa mapaipi ake ndi aang'ono, amatseka, ndipo chimbudzi chotseka pa tsiku la alendo makumimakumi ndi tsoka kwa banja. Sambani m'mawa kwambiri mzere usanayambe, ndipo mukamaliza dzazaninso ndowa.

Tifike pa chakudya, pamene pali mtima wa nkhaniyi. Mfumu ya pa tebulo ndi lechon, nkhumba yathunthu yootcha. Amaipha usiku kapena m'mbandakucha, kuiwaula ndi madzi otentha n'kupala ubweya, kuchotsa zam'kati, kenako kulowetsa nsungwi yaitali kuchokera kukamwa kutulukira kumbuyo. Ku Cebu ndi zilumba zoyandikana nazo m'mimbamo amaikamo mchere, adyo, anyezi wa masamba, tsabola wakuda ndi udzu wonunkhira ngati mandimu umene enafe timathira mu tiyi, n'kusoka. Nyamayo imakoma payokha, amangoiviika mu viniga. Cha ku Manila saikamo zambiri, amadalira msuzi wotsekemera wa chiwindi. Makala saikidwa pansi penipeni pa nkhumba koma m'mbali mwake, ndipo anyamata amasinthana kutembenuza nsungwiyo osalekeza kwa maola atatu mpaka asanu malinga ndi kukula kwa nkhumba. Moto ukakhala pansi penipeni, mafuta amadonthera pa makala, malawi n'kubuka, khungu n'kupserera pamene m'mapewa ndi m'ntchafu mudakali magazi. Apa ndi pamene mlendo ayenera kuyang'ana: nyama ya pafupi ndi fupa la ntchafu ikakhala yofiirira ndi yonyowa magazi, isiyeni, tengani ya m'nthiti ndi ya pamimba imene imapsa msanga ndiponso ndiyo yalowa zokometsera. Khungu limakhala lokhukhuluza ola loyamba lokha. Likazizira limasanduka lamba. Wogona pakhomo amadya nkhumba itangochoka pamoto. Wochokera ku loji amapeza mafupa ndi mutu.

Palibe chotayidwa. Magazi ndi zam'kati amaphika dinuguan, imene munthu wodziwa uwende sangaiope, kusiyana kwake n'kwakuti iyi ndi yamsuzi, yothira viniga ndi tsabola, ndipo amadyera timikate toyera ta mpunga totchedwa puto. Zotsala za lechon mawa lake zimaphikidwanso mu viniga, adyo ndi shuga pang'ono n'kukhala paksiw, ndipo ambiri amaikonda kuposa ya dzulo. Chimene chidzakukumbutsani kwathu ndi kare-kare: mchira wa ng'ombe ndi masamba mu msuzi wa mtedza, ndiwo zotendera ndithu, koma alibe mchere wokwanira payekha chifukwa amayembekezera kuti muikamo bagoong, phala la tinkhanu ta m'nyanja tofufumitsa. Fungo lake ndi lamphamvu. Kansonga ka supuni n'kokwanira. Palinso kaldereta, nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yophika mu msuzi wa matimati, pancit ya tizingwe ta ufa tokazinga ndi masamba, ndi lumpia, timikulungo tokazinga tofanana ndi samusa. Nsima kulibe. Ndi mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, wophika wopanda mchere kapena mafuta, wofewa ndi womatana kuposa Kilombero. Amadyera supuni ndi foloko, supuni kudzanja lamanja, ndipo m'midzi kudya ndi manja si chachilendo. Chimene chimavuta lilime la Mmalawi ndi shuga: amamuthira mu soseji, mu msuzi wa spaghetti, ngakhale mu nyama zina.

Ngozi yeniyeni ya chakudyachi si kukoma kwake koma nthawi. Zambiri zimaphikidwa usiku, n'kuyalidwa pa tebulo kuyambira chakum'mawa mpaka madzulo, m'kutentha kuja, ntchentche zikupikisana ndi ana ozikupiza. Zoyamba kusasa ndi zophikira mkaka wa kokonati, spaghetti, pancit, ndi masaladi otsekemera othira kirimu kapena mayonezi. Zophikira viniga monga adobo, yomwe ndi nyama ya nkhuku kapena ya nkhumba, ndi paksiw zimapirira. Choncho masana idyani zimene mukufuna, koma kukamapendeka dzuwa sankhani zaviniga ndi zimene zangotenthetsedwa kumene. Kinilaw, nsomba yaiwisi yoviika mu viniga, idyeni pokhapokha m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ndipo itangokonzedwa. Madzi akumwa akhale a m'zigubu za buluu zimene amagula kwa osefa madzi. Madzi oundana a timachubu ta bowo pakati amapangidwa kuti alowe m'chakumwa. Chimwala chachikulu chochita kuswa ndi chikwanje ndi choziziritsira mabotolo basi. Mapaketi angapo a Thanzi ORS salemera m'chikwama.

Ndipo simudya khomo limodzi. Mnzanu adzakutengani kwa azakhali ake, kwa amene anamuimira pa ubatizo, kwa mnzake wa kusukulu, ndipo paliponse mawu ndi amodzi: "Kain na", kapena "Kain tayo", kutanthauza tiyeni tidye. Kukana kotheratu kumapweteka mtima wa wophika. Nzeru yake ndi kutapa pang'ono paliponse: supuni imodzi ya mpunga, kanthuli kamodzi, kotsekemera kamodzi. Wodzaza mbale pa khomo loyamba amafika pa lachitatu akuvutika. Mukakhuta nenani "Busog na po, salamat po", kutanthauza ndakhuta, zikomo, ndipo adzakumvetsani mukakhala kuti mwalawako.

Kwa a Seventh-day Adventist ndi Asilamu, nkhani ya zimene simudya ikambidwe kutatsala sabata ziwiri kuti fiesta ifike, osati muli pa tebulo. Nkhumba imabisala m'zambiri: mu lumpia, mu pancit, ngakhale m'masamba amene amakazingira mafuta ake, ndipo tinkhanu timalowa m'ndiwo zooneka ngati zamasamba okha. Banja likadziwiratu limakonza nkhuku kapena nsomba yootcha mumphika wapadera mosanyinyirika. Likadziwa mochedwa limachita manyazi, inu n'kutsala ndi mpunga ndi zipatso.

Mowa uli ndi mwambo wake wotchedwa tagay. Amuna amakhala mozungulira, tambula ndi imodzi, wothira ndi mmodzi, ndipo imayenda motsatana. Ikafika kwa inu mumamaliza n'kubweza. Vuto lake ndi lakuti liwiro simusankha ndinu. Ngati simumwa, nenani musanakhale pansi. Mudzakhala nawo bwinobwino ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, mukutola nawo pulutan, tinyama todyera mowa. Kuyamba n'kulekera pakati ndiko kumabweretsa kukakamizana. Tuba ndi uchema wa mgwalangwa wa kokonati, wotsekemera m'mawa, wowawasa madzulo. Lambanog ndi kachasu wake, wa mphamvu ya maperesenti 40 kapena kuposa. Uyu samalani naye: mu December 2019 anthu angapo anamwalira ndipo mazana anagonekedwa m'zipatala m'zigawo za Laguna ndi Quezon atamwa lambanog wokhala ndi methanol. Wa m'botolo losamatidwa, wosadziwika kofulira, musamwe ngakhale wokupatsaniyo akhale wokoma mtima chotani. Mkangano ukayamba pa bwalo la mowa, nyamukani mubwerere kunyumba. Maikolofoni ya videoke ikakufikani imbani nyimbo imodzi. Mawu abwino sawayang'ana, amayang'ana kuti simunadzipatule.

Pa za ulemu Mmalawi savutika, chifukwa zambiri n'zofanana ndi zathu. Pachipata amati "Tao po", ku Cebu ndi Bohol amati "Ayo", ndiye odi wathu. Nsapato zimatsala pakhomo. Kwa achikulire pali mano: mumatenga dzanja lawo lamanja, kuwerama, n'kugunditsa kuseri kwake pamphumi panu mukunena "Mano po". Yambani ndi agogo, Lola ndi Lolo. Makolo a mnzanu ndi Nanay ndi Tatay, kapena Tita ndi Tito. Wokulirapo pang'ono ndi Ate ngati ali wamkazi, Kuya ngati ali wamwamuna. Kutchula wamkulu dzina lokha n'kosayenera monga kulili kuno. M'madera olankhula Chitagalog, monga Manila ndi madera ozungulira, onjezerani "po" polankhula ndi wamkulu; ku Visayas, zilumba za pakati pa dzikolo monga Cebu ndi Bohol, mawuwo sagwiritsidwa ntchito kwenikweni, ulemu umamveka pa Manong ndi Manang. Ku Misa pitani ngakhale musali Mkatolika, ndipo madzulo yendani nawo pa mdipiti kumbuyo kwa chifanizo cha woyerayo, kandulo kumanja. Kwa agogo a pakhomopo, fiesta ndi imeneyo. Nkhumba ndi yongoperekeza. Dziwaninso kuti m'midzi yambiri munthu wakuda saoneka kawirikawiri. Ana adzakuunjikirani, anthu adzapempha kujambulitsa nanu, ndipo mafunso onena za khungu, tsitsi ndi banja adzabwera mosapsatira. Kawirikawiri ndi chidwi chabe, koma chimatopetsa, ndipo mnzanu ndiye woyenera kukutchingirani zikanyanya.

Tsopano za ndalama, zimene wokuitanani sadzazitchula. Banja limayamba kukonzekera miyezi yambiri: kamwana ka nkhumba kamagulidwa kuti kadzakule pofika fiesta, amayi amalowa paluwagan, chomwe ndi chipereganyu chenicheni, ana ogwira ntchito kunja amatumiza ndalama. Zikapanda kukwana ena amakatenga ngongole yotchedwa 5-6, wabwereka 5 ubweze 6, katapila ndithu, ndipo amaibweza fiesta itaiwalika kale. Ichi ndicho chilema chachikulu cha mwambowu, ndipo mlendo asachite ngati sakuchiona. Koma kutulutsa ndalama pa tebulo n'kupatsa mayi a pakhomo ndi kuwanyoza. Adzakana, ndipo mwawasandutsa ogulitsa chakudya. Njira yake ndi kudzera mwa mnzanu, sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike, ndipo mutchule chinthu: thumba la mpunga la makilogalamu 25, makireti a zakumwa, gasi wophikira, madzi oundana. Chinthu chotchulidwa dzina chimalandirika, envelopu imabwezedwa. Mukafika gwirani ntchito imene manja anu akuidziwa: kusenda adyo, kutembenuza nsungwi, kunyamula mipando, kutsuka mbale. Adzakuletsani kawiri, kachitatu adzakusiyani.

Mphatso yochokera kwanu, imene iwo amati pasalubong, ndiyofunika kuposa mtengo wake. Khofi wa Mzuzu wokazinga kale, womata bwino m'paketi, amayenda bwino ndipo ali ndi dzina la kwanu. Chitenje cha pa msika wa Taifa chimasangalatsa Nanay ndi Lola. Botolo la Nali likulungidwe bwino m'chikwama chachikulu, osati cha m'manja. Usipa, nyama youma, mbewu ndi zipatso zisiyeni; pa bwalo la ndege amalanda zotere.

Zotsalazi n'zachidule. Pasipoti ya Malawi imalowa popanda viza kwa masiku 30, bola ikhale ndi miyezi 6 isanathe ndipo muli ndi tikiti yobwerera. Malamulo otere amasintha, choncho funsaninso musanagule tikiti, ndipo lembetsani pa eTravel, tsamba la boma la pa intaneti lolembetsera olowa m'dzikolo, m'maola 72 musanafike. Kwacha sasinthika kumeneko, ndiye nkhani ya madola muiyambe msanga ku banki. Musanalowe m'mudzi sinthani ma peso ang'onoang'ono a 20, 50 ndi 100, chifukwa timaokala ta m'mudzi, totchedwa sari-sari, sitikhala ndi chenje cha 1,000. Magetsi ndi a 220, foni yanu siipsa, koma mabowo a pakhoma ndi a timano tiwiri tathyathyathya, pulagi yathu ya mano atatu silowa popanda adaputa. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6. Udzudzu woopsa kumeneko ndi wa dengue, umene umaluma masana, choncho neti yokha sikwanira, pamafunika mafuta odzola othamangitsa udzudzu. Thupi likatentha imwani panado, osati asipirini kapena bulufeni, ndipo kuchipatala muwauze kuti mwachokera ku Malawi kuti ayezenso malungo, poti m'zigawo zambiri za dzikolo malungo anatha ndipo sangawaganizire msanga.

Mlendo ndi mame: masiku awiri kapena atatu akwana. Tsiku lotsatira fiesta banja limakhala lotopa, mipando ndi mapoto obwereka zikubwezedwa, abale akupakira. Thandizani kusesa m'mawa, idyani paksiw, tsanzikani kuyambira kwa agogo ndi mano. Adzakupatsirani kamba, amati pabaon: nyama, suman wa mpunga womata wokulunga m'masamba a nthochi, mwina ndi zipatso za pakhomo. Landirani ndi manja awiri. Nyamayo idyeni tsiku lomwelo. Ngati ulendo wanu ukudutsa pa doko kupita chilumba china, ya nkhumbayo muigawe musanakwere, chifukwa chifikireni chigodola cha nkhumba m'dzikolo mu 2019 zigawo zina zimaletsa kulowetsa nyama ya nkhumba, yophika yomwe, ndipo oyang'anira pa doko amaitaya. Suman yekha ndiye angakuperekezeni mpaka mawa lake.